Chimfine cha khanda sichitha ndi kufukiza kapena mankhwala otsala

Nyengo yozizira ikangofika, m'magulu a WhatsApp mumabwereranso uthenga womwe uja: khanda likagwidwa chimfine, lifukizeni masamba a bulugama, mulimwetse amoxicillin wotsala wa mkulu wake, kuchipatala musadzivutitse. Limeneli ndi bodza, ndipo lingathe kupha mwana.

Chimfine cha influenza chimayamba ndi vayirasi. Amoxicillin amapha mabakiteriya okha, vayirasiyo sayikhudza n'komwe. Mankhwala a influenza alipo, oseltamivir, koma mlingo wake amayeza ndi dokotala potengera kulemera kwa mwana. Nthunzi nayo imawotcha khungu lanthete.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti khanda losakwana miyezi 2 silichedwa kufooka. Livuleni kamalaya muwerenge kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Kukafika 60 kapena kuposa, nthiti zikamalowa m'kati, thupi likatentha kapena kuzizira, likamakana bere, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Mayi apitirize kuyamwitsa ngakhale iwonso akutsokomola, bola azisamba m'manja.

Uthenga wonga wa pa WhatsApp uja ukakufikani, onani ngati wolemba wake akudziwika. Funsani namwino, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena imbirani Chipatala Cha Pa Foni. Chonde, musautumizenso kwa ena.