Dzuwa la pa Joni musalidelere, abale anga

Amene mumagwira ganyu m'magadeni, pa ma site omanga, ogulitsa katundu pamseu, komanso makolo a ana achialubino, werengani izi mpaka pamapeto.

Pali mawu omwe ndikumawamva pafupipafupi akuti "kuno kumazizira, dzuwa lake ndi lopanda mphamvu, lenileni ndi la ku Nsanje." Ayi ndithu. Chomwe chimawononga khungu ndi maso si kutentha ayi, ndi kuwala kwina kosaoneka kotchedwa UV, ndipo thupi silikumva nkomwe pamene kukulowa.

Mwachidule, mpweya wozungulira dziko uli m'magawo osanjikizana. Lapansi ndi troposphere, kumene kuli mitambo, mvula ndi mpweya womwe tikupumawu. Pamwamba pake pali stratosphere yofika makilomita pafupifupi 50, ndipo m'menemo, cha pakati pa makilomita 15 ndi 35, muli ozoni yemwe amatchinga UV woopsa kwambiri.  Ozoniyu anafooka ndi mankhwala a CFC a m'mafiriji akale ndi masipule, mayiko anagwirizana zowaletsa mu 1987 ku Montreal, panopa akubwerera pang'onopang'ono. Koma ngakhale atakhala bwinobwino samatchinga zonse, UV wina amadutsabe.

Ndiye taganizani, Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mukakwera mamita 1,000 alionse UV amawonjezekera ndi pafupifupi 10 peresenti chifukwa mpweya wosefa kumwamba kwanuko wachepa. Kamphepo kayaziyazi kamene mukukamva kakungokupusitsani basi. Mitambo yopyapyala nayonso UV amaidutsa. Mu December ndi January muyeso wa UV kuno umafika 11 ngakhale kupitirira, umene uli mlingo woopsa kwambiri.

Ena amati "ife ndife akuda, sitipsa." Khungu lakuda limatetezadi pang'ono, koma maso bwanji? Ng'ala ija komanso kanyama kofiira kamene kamamera pa diso kumalowera kukamwana, dzuwa limathandizira zimenezo. Amene mukudzola mafuta oyeretsa khungu, mukuchotsa nokha chitetezo chomwe munabadwa nacho. Achialubino ndiye nkhani ina, khansa ya pakhungu imawapeza akadali achinyamata.

Chipewa chikhale cha khonde lozungulira, osati kepu yosiya makutu ndi kumbuyo kwa khosi pamtetete, malo amenewo ndi omwe amayamba kuuma, kusuka ndi kuchita nkhanambo. Malaya amikono yaitali. Magalasi olembedwa UV400. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena 50, ndipo mudzolenso pakatha maola awiri chifukwa thukuta limawachotsa, pogula yang'anani chizindikiro cha CANSA, bungwe lolimbana ndi khansa la kuno ku South Africa. Kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko, mukapeza mpata khalani pamthunzi, ntchito yotchetcha kapinga muiyambe m'mamawa ngati bwana alola.

Chilonda chikakhala pamlomo, pakhutu kapena pakhosi osapola kwa milungu ingapo, kumatuluka magazi, kupola pang'ono nkuyambiranso, pitani ku kiliniki sabata yomweyo. Musati mudikire December mukaonetse kumudzi, musati mukuthira Vaseline ziona zokha, ndipo musati wina wakulodzani pa ntchito. Khansa ya pakhungu ikapezeka ikadali yaing'ono amaidula nkuchira. Komanso musandiuzenso zoti lero kukuzizira ndiye chipewa chatsala kunyumba, mwana wachialubino asatuluke wopanda chipewa ngakhale mu June.