Akuti "amangokhala pakhomo"

Mawu awa ndatopa nawo. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikumva abambo akuyankha kuti, "Akazi anga sagwira ntchito, amangokhala pakhomo." Ena amawonjezera kuti mkazi amabadwa nazo ntchito zapakhomo, choncho sizimulemera.

Kuphika n'kophunzira. Asodzi kunyanja amadziphikira okha nsima, ndipo m'malesitilanti amuna ophika ndi osasowa. Mtsikana amadziwa kupeta chifukwa anampatsa lichero ali wamng'ono, mlongo wake ali ku mpira.

Palinso ntchito ina yosaoneka ndi maso, ya m'mutu ndi mumtima: kukumbukira tsiku la sikelo ya mwana, kudziwa kuti ufa sufika Loweruka, kuzindikira kuti mwana wabwera kusukulu atakhumudwa, kudwazika apongozi, kumeza mkwiyo kuti m'nyumba mukhale bata. Imeneyi ilibe nthawi yoweruka, ngakhale usiku.

Ngati mukukayika, tengani kope. Kwa sabata imodzi lembani ntchito iliyonse, amene waigwira ndi nthawi imene yatenga, kuyambira kutunga madzi m'bandakucha. Kenako funsani kuti wantchito angafune zingati pamwezi. Musanawerengere chonchi, chonde musamabwereze mawuwa, kaya pafoni kaya pabawo.