Mafunso ndi mayankho pa city rates: bwanji nyumba zofanana zikulipira mosiyana?

Chitulukireni mabilu a city rates, pakhomo pa ofesi yathu ya zamsonkho kukhonsolo pakumakhala mzere kuyambira m'mamawa. Ambiri akubwera ndi mabilu awiri, yawo ndi ya mbale wawo wa mzinda wina, kuti tiwauze chifukwa chake ndalama zikusiyana. Ena akafika amakhala atakwiya kale ndi zomwe amva pa WhatsApp. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene tikuwamva tsiku ndi tsiku.

Kodi city rates n'chiyani?

Ndi msonkho umene mwini malo kapena nyumba ya mumzinda amapereka kukhonsolo, motsatira lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998.

Ndimalipira kale ground rent. Si kulipira kawiri kumeneku?

Ayi. Ground rent ndi lendi ya nthaka, ndipo imapita kwa amene anakubwereketsani malowo, monga Unduna wa za Malo. City rates ndi msonkho wa khonsolo. Msonkho wa MRA pa ndalama za lendi ndi winanso wapadera. Lisiti ya chimodzi siimira chinzake.

Nyumba yanga ndi ya mchimwene wanga wa mzinda wina tinamanga pulani imodzi. Bwanji ine ndikulipira zambiri?

Funso ili ndilo latitangwanitsa kwambiri, ndipo tikupempha kuti muwerenge yankho lake mofatsa.

Bilu imachokera pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtengo wa malo ndi nyumba yanu monga unalembedwera m'kaundula wa khonsolo, amene pa Chingerezi amatchedwa valuation roll. Chachiwiri ndi gawo limene khonsolo yagwirizana kuti lidulidwe pa mtengowo chaka chimenecho. Makhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, aliyense ali ndi kaundula wake, makhansala ake ndi bajeti yake. Palibe mlingo umodzi wa dziko lonse, ndipo ofesi yathu ilibe mphamvu pa zomwe khonsolo ina yasankha.

Tipereke chitsanzo, koma manambalawa ndi ongofotokozera, si a khonsolo iliyonse. Nyumba yolembedwa K40 miliyoni mumzinda umene ukudula 0.2 peresenti ilipira K80,000. Nyumba yolembedwa K25 miliyoni mumzinda umene ukudula 0.4 peresenti ilipira K100,000. Apa nyumba yotsika mtengo ndiyo yalipira zambiri, ndipo palibe amene walakwitsa masamu.

Palinso nkhani ya nthawi. Mizinda yonse siwerengera mitengo ya nyumba m'chaka chofanana. Ngati kwanu anawerengera posachedwa pomwe kwa mchimwene wanu kaundula ndi wakalekale, mitengo yanu ikhala ya ndalama za masiku ano, yake ikhala ya nthawi imene thumba la simenti linali lotchipa. Pamenepa kufananitsa mabilu awiriwo sikungakuuzeni kuti wina akuberedwa. Sitikunena kuti bilu iliyonse imene imatuluka muno ndi yolondola. Tikunena kuti bilu ya mzinda wina si umboni woti yanu ndi yolakwika. Umboni wabwino ndi nyumba zofanana ndi yanu za m'dera lanu lomwelo.

Nanga mumzinda umodzi, bwanji madera amasiyana chonchi?

Chifukwa chimene chimayezedwa si njerwa ndi malata zokha. Poloti nayo ili ndi mtengo wake. Nyumba ya zipinda zitatu ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe singagulidwe mtengo umodzi ndi ya zipinda zitatu ku Ndirande kapena ku Bangwe. Ku Lilongwe n'chimodzimodzi mukayerekeza Area 10 kapena Area 43 ndi Kawale kapena Area 25, ndipo aliyense amene anasakapo poloti amadziwa zimenezi asanafike kuno. Kukula kwa poloti, msewu wofikira, madzi, magetsi, mpanda ndi kuyandikira tauni, zonsezi zimakweza kapena kutsitsa mtengo. Nyumba ikasandutsidwa ofesi, loji kapena shopu, imawerengeredwa ngati malo a bizinesi.

Anayeza nyumba yanga ndani? Ine sindinaonepo munthu.

Ntchitoyi amagwira ndi akatswiri ovomerezeka owerengera mitengo ya malo ndi nyumba, osati makalaliki amene mumawapeza pa kauntala. Nthawi zambiri amayenda masana eni ake ali kuntchito, ndipo amapeza wantchito, mlonda kapena wa lendi. Pena geti limakhala lotseka ndipo amangoyerekeza ali panja. Zikatere zolakwika zimatha kulowa, n'chifukwa chake kaundula amayikidwa poyera kuti anthu adzaone.

Paja lamulo limati aziwerengera zaka zisanu zilizonse. Zimachitikadi?

Lamulo limaterodi: kaundula watsopano pa zaka zisanu zilizonse, ndi kaundula wowonjezera wa nyumba zomangidwa kumene kapena zokulitsidwa. Kunena zoona, makhonsolo m'dziko muno akhala akuchedwa nayo ntchitoyi, pena ndi zaka zambiri. Imadya ndalama zochuluka ndipo akatswiri ake ndi ochepa. Zotsatira zake n'zakuti nyumba zina zatsopano zimakhala zaka osalowa m'kaundula pomwe woyandikana nawo akulipira, ndipo kuwerengera kukadzachitika mtengo umalumpha kamodzi n'kamodzi. Kumbukiraninso kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Mtengo wa nyumba wolembedwa izi zisanachitike uli kutali ndi wa pamsika lero. Madandaulo a amene bilu yawo yakwera mwadzidzidzi timawamvetsa, koma ofesi ino singasinthe mtengo wa m'kaundula ndi cholembera.

Tinamva kuti ku Mzuzu amawerengera mwa njira ina. N'zoona?

Inde. Cha m'ma 2013 khonsolo ya Mzuzu, mothandizidwa ndi bungwe la GIZ la ku Germany, inayamba njira yopereka mapointi pa nyumba iliyonse potengera kukula kwake, zipangizo zomangira ndi dera. Nyumba za m'kaundula zinachoka pa pafupifupi 10,000 kufika pa pafupifupi 40,000. Olipira akachuluka, katundu angathe kupepuka pa aliyense. Ichi n'chifukwa chinanso chimene bilu ya ku Katoto kapena ku Chibavi singafanane ndi ya mzinda umene umatsata mitengo ya pamsika.

Ndalama zimenezi zimagwira ntchito yanji?

Kutola zinyalala, kukonza misewu ya m'malokeshoni ndi ngalande, magetsi a mumsewu, ozimitsa moto, misika, manda ndi malipiro a ogwira ntchitozi. M'mizinda yathu, city rates ndiwo gwero lalikulu la ndalama zimene khonsolo imatolera yokha.

Kwathu msewu ndi wafumbi, galimoto ya zinyalala sitinaionepo. Tilipirirenji?

Dandaulo ili ndi lomveka ndipo sitilikana. Alipo madera amene thandizo la khonsolo silifika mokwanira. Komabe lamulo silinamange msonkhowu pa ntchito imene yafika pakhomo panu, monga imakhalira bilu ya madzi. Unamangidwa pa mtengo wa malo. Kusowa kwa msewu wabwino kumayenera kuoneka kale pa mtengo wotsika wa nyumba yanu m'kaundula, ndipo ngati sikukuoneka, imeneyo ndi mfundo yoti mudandaulire. Kusiya kulipira sikuchotsa ngongole. Za msewu ndi zinyalala kambiranani ndi khansala wa wodi yanu, makamaka nthawi yokonza bajeti, pakuti ndi kumene zimagamulidwa.

Alipo amene salipira? Nanga amasiye, okalamba ndi opuma pantchito?

Lamulo limapatula malo ena monga matchalitchi ndi mizikiti, manda, ndiponso zipatala ndi sukulu zosachita phindu. Kupatulako kumatsata ntchito imene malowo akugwira. Mpingo ukamanga mashopu kapena nyumba za lendi, zimenezo si malo opempherera. Boma nalo limalipira theka la msonkho pa nyumba zake.

Za amasiye ndi okalamba tiyankhe mosamala, chifukwa ambiri amabwera atauzidwa kale kuti iwo salipira. Msonkhowu umatsata nyumba, osati msinkhu kapena mavuto a mwini wake, ndipo umasiye kapena kupuma pantchito pakokha sikufafaniza bilu. Tikudziwa kuti alipo amayi amene anangosiyiridwa nyumba yaikulu m'dera lodula koma alibe kolowera ndalama, ndipo nkhani zawo zimatikhudza. Chimene tingalangize n'chakuti mulembe kalata kukhonsolo yofotokoza vuto lanu ndi kupempha kulipira pang'onopang'ono, ngongole isanakule. Kalaliki wa pa kauntala alibe mphamvu yokhululukira msonkho, ndipo wina akakulonjezani zimenezo kuseri mutamupatsa kangachepe, dziwani kuti ngongoleyo ikadalipo m'mabuku.

Ndine wa lendi. Bilu yafika pakhomo panga.

Iperekeni kwa eni nyumba, ndiwo oyenera kulipira.

Ndikaona kuti mtengo walakwika, nditani?

Bwerani mudzaone zomwe zinalembedwa pa poloti yanu: dzina, nambala ya poloti, kukula kwake, ntchito ya nyumbayo. Dandaulo lilembedwe, ndipo lifike mkati mwa masiku amene alengezedwa kaundula akatuluka. Tengani pulani ya nyumba, mapepala a malo ndi zithunzi. Mukapanda kukhutira ndi yankho, lamulo lili ndi njira yopititsira nkhaniyo patsogolo. Mawu oti "zandichulukira" paokha sasintha mtengo, pamafunika kusonyeza pamene palakwika. Musasiye kulipira podikira yankho.

Ndikapanda kulipira, khonsolo ingandilande nyumba?

Poyamba ngongole imawonjezeredwa chilango mwezi ndi mwezi, kenaka pamabwera makalata ochenjeza. Ngongole ikatha zaka zitatu, lamulo limalola khonsolo kulengeza m'nyuzipepala ndi kudzera kukhoti kuti malowo agulitsidwe. Si njira imene khonsolo imathamangira, koma ilipo.

Nyumba ya kumudzi imalipiranso?

Ayi. Msonkhowu ndi wa m'mizinda, m'matauni monga Kasungu ndi Luchenza, ndi madera amene alengezedwa ndi boma kuti azilipira.

Ndikugula nyumba. Ngongole ya mwini wakale ikundikhudza?

Ingakukhudzeni, pakuti ngongoleyo imakhala pa poloti. Musanapereke ndalama zonse, uzani wogulitsa akuonetseni chikalata cha khonsolo chotsimikiza kuti city rates yonse inalipidwa. Chikalatachi chimafunikanso posintha umwini. Mukamaliza, bwerani ndi mapepala anu kuti bilu yotsatira idzatuluke m'dzina lanu.