Wapakati mu hockey ya pa ayezi: thupi limaloledwa kufika pati? Mafunso ndi mayankho

Munthu woonera hockey ya pa ayezi koyamba amasokonezeka msanga. Wosewera agunda mnzake mpaka galasi la m'mbali mwa bwalo kuchita kunjenjemera, woyimbira ali duu osaliza wezulo. Patangopita kamphindi wina angokola mnzake m'chiuno ndi ndodo, wezulo walira, munthu watuluka mphindi 2. Pali lamulo pamenepa, ndipo amene amakhala nalo pafupi kuposa onse ndi wosewera wapakati, yemwe eni masewerowa amamutcha center. Mayankho ali m'munsiwa akutsata malamulo a NHL, ligi yaikulu ya ku Canada ndi America, kupatula pamene ndatchula ena.

Wapakati ndi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani nkhani ya thupi imamukhudza kwambiri?

Timu imakhala ndi anthu 6 pa ayezi: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri ndi akutsogolo atatu. Awiri mwa akutsogolowo amasewera m'mphepete, wina kumanja wina kumanzere, aliyense ndi khoma lake lotsamira. Wapakati alibe khoma. Bwalo la NHL ndi lalitali mamita 61, mulifupi mamita 26, ndipo iye amalidutsa lonse. Amatsikira kuseri kwa golo yake kukathandiza otchinga kumbuyo kulanda puck, kachimbale kakuda ka labala kolemera pafupifupi magalamu 170, kenako n'kukwera nayo kudzera pakati penipeni pomwe adani angamutulukire kuchokera mbali iliyonse. Amatero kwa masekondi 45 kapena kuposerapo pang'ono, n'kukapuma pabenchi, n'kubwereranso.

Thupi lake ndiye limagwira ntchito ziwiri, kukankha ndi kulandira. Anthu amakonda kukamba za yoyambayo, koma wapakati wosadziwa kulandira sakhalitsa mu ligi.

Kugunda kololedwa ndi kotani?

Ndi kugunda munthu amene ali ndi puck, kapena amene wangoyitulutsa kumene, ndi phewa, chifuwa kapena chiuno, mapazi ako ali pa ayezi, ndipo walunjika thupi lake osati mutu kapena maondo. Kunja kwa pamenepo chilichonse chili ndi dzina lake m'buku la malamulo. Kutsekereza wopanda puck ndi interference. Kuthamanga mtunda wautali kapena kudumpha kuti umufike mnzako ndi charging. Chigongono chikatsogola, bondo likatuluka, mwendo ukatcheredwa, dzanja likagwira jezi, zonsezi n'zolakwa.

Chilango chaching'ono ndi mphindi 2, ndipo chimathera pomwepo adani akagoletsa. Chachikulu ndi mphindi 5, ndipo munthu amazimaliza zonse ngakhale timu yake itamwa zigoli zitatu. Ndodo ikafika kumaso kwa mnzako n'kutulutsa magazi, ndi mphindi 4.

Kukola ndi ndodo kuja kunali koletsedwa kuyambira kale, koma oyimbira ankakulekerera. Zinasintha mu 2005, ligi itabwerera pambuyo pa chaka chathunthu cha 2004 mpaka 2005 chomwe sikunaseweredwe chifukwa cha mkangano wa malipiro pakati pa osewera ndi eni matimu. Kuyambira pamenepo wapakati wolemera miyendo sangathenso kudzikoleka kumbuyo kwa mnzake n'kumakokedwa ngati ngolo. Ayenera kumupeza ndi liwiro lake.

Nanga pa faceoff, thupi limalowa bwanji?

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni ya wapakati, ndipo woonera pa kanema nthawi zambiri sayiona chifukwa imatha pa sekondi imodzi. Masewero akaima, amayambiranso pa limodzi mwa madontho 9 ojambulidwa pa ayezi. Apakati awiri amayang'anizana, wothandizira woyimbira n'kugwetsa puck pakati pawo, ndipo imeneyi ndiyo faceoff.

Taonani bwino wapakati wodziwa ntchito pa dontho la pafupi ndi golo yake. Amatambasula miyendo, n'kugwada pafupifupi ngati wokhala pa mpando wosaoneka. Dzanja lam'munsi amalitsitsa mpaka kufupi ndi mutu wa ndodo, ena amalitembenuza chagada kuti akokere kumbuyo ndi mphamvu ya msana wonse. Maso sali pa mdani, ali pa dzanja la wogwetsa puck. Dzanjalo likangotseguka, pali njira zingapo. Akhoza kukokera puck kumbuyo mwachangu. Akhoza kuyamba wamenya ndodo ya mnzakeyo kuti ichoke, n'kutenga puck pambuyo pake. Kapena, akadziwa kuti mnzakeyo ndi wachangu kumuposa, amangomanga ndodo yake, n'kulowetsa chiuno, n'kutembenuka kuti msana wake utchinge, puck n'kuyikankha ndi nsapato kapena kuyisiyira mnzake wam'mphepete. Palibe amene wagwa, galasi silinagwedezeke, koma aka n'kusewera ndi thupi kwenikweni, ndipo wapakati wodalirika amakuchita kokwana 20 usiku umodzi.

Lamulo pano ndi lothina. Puck isanagwe saloledwa kukhudzana. Nsapato zisaponde mizere yojambulidwa pambali pa dontho, ndipo ndodo ikhale pansi. Kuyambira mu 2015, pa madontho 8 amene sali pakati pa bwalo, woyamba kutsitsa ndodo ndi wa timu imene ili mbali ya golo yake, kutanthauza kuti woukira amapatsidwa mwayi woona kaye mmene mnzake wakhalira. Pa dontho la pakati amayamba ndi mlendo. Wapakati akalakwitsa, kapena mnzake wam'mphepete akalowa m'bwalo la dontho nthawi isanakwane, wapakatiyo amachotsedwa ndipo wina wa timu yake amalowa m'malo. Timu ikalakwitsa kawiri pa faceoff imodzimodzi imalandira mphindi 2. Kumenya puck ndi dzanja pofuna kupambana faceoff nakonso ndi mphindi 2.

Bwanji nkhani ya mutu imatchulidwa kwambiri pokamba za apakati?

Chifukwa lamulo loteteza mutu linalembedwa apakati ena atavulala kale, ndipo ena mwa iwo anali akatswiri oposa onse a nthawi yawo.

Eric Lindros wa Philadelphia Flyers anali chimphona chotalika masentimita 193, cholemera kupitirira makilogalamu 100, ndipo mu 1995 anasankhidwa kukhala wosewera wofunika kwambiri mu ligi. Paubwana wake wonse anali wamkulu kuposa anzake, ndipo anthu ambiri amati n'chifukwa chake anazolowera kuyenda ndi puck mutu ali wowerama. Pa 26 May 2000, m'masewero achisanu ndi chiwiri olimbirana malo mu fainolo, analowa m'dera la New Jersey Devils kudzera pakati, maso ali pansi. Scott Stevens anamutulukira ndi phewa, n'kumupeza pachibwano. Lindros anagona pa ayezi atapinda miyendo. Wezulo wa chilango sanalire, pakuti mwa malamulo a nthawiyo panalibe cholakwa. Ubongo wake unali utagwedezekapo kale kangapo, ndipo ngakhale anadzaseweranso m'matimu ena, Lindros uja sanabwererenso.

Zaka 10 pambuyo pake, pa 7 March 2010, Marc Savard wa Boston Bruins anali atangoponya puck kugolo pamene Matt Cooke wa Pittsburgh Penguins anamudzera mbali imene sankaona, n'kumumenya kumutu. Anamutulutsa pa machira. Cooke sanalandire chilango m'bwalo, ndipo ligi sinamuimitse. Anthu anakwiya, ndipo m'chaka chomwecho ligi inakhazikitsa lamulo loteteza mutu lija, la nambala 48. Savard anavulalanso mutu mu January 2011 ndipo sanasewerenso.

Mwezi womwewo, pa 1 January 2011, Sidney Crosby, wapakati wa Pittsburgh Penguins, anagundidwa kumutu ndi David Steckel m'masewero a pabwalo lapanja ku Pittsburgh, ndipo patatha masiku 4 Victor Hedman anamukankhira ku galasi. Crosby anali ndi mapointi 66 (kuphatikiza zigoli zake ndi zimene anathandiza anzake kugoletsa) m'masewero 41, kutsogolera ligi yonse. Sanaonekenso mpaka November. M'chaka chimenecho ligi inakulitsa lamuloli ndipo inatsegula nthambi yoona za chitetezo cha osewera, motsogozedwa ndi Brendan Shanahan, yomwe imaonanso kanema masewero atatha n'kuimitsa wolakwa.

Lamuloli lero limafunsa mafunso awiri: kodi mutu ndiwo unalandira nkhonya yaikulu ya kugundako, ndipo kodi wogundayo akanatha kuupewa? Zonse zikakhala inde, ndi mphindi 2 kapena kutulutsidwa masewero onse. Ine ndimaona kuti funso lachiwirilo limasiya khomo lotseguka kwambiri, chifukwa wogunda aliyense amati mnzake ndiye anawerama mwadzidzidzi. Malamulo a IIHF, bungwe loyendetsa mipikisano ya mayiko, amalanga kukhudza mutu mosanyengerera kuposa apa, ndipo masewero awo sanachepe kukoma.

Pakhoma lamulo limati chiyani?

Ukaona manambala a pamsana pa jezi ya mnzako, usamukankhe. Kuponyera munthu wosadziteteza ku khoma ndi boarding, ndipo kumumenya kumbuyo asakuona ndi mlandu winanso paokha. Malo oopsa kwambiri ndi pamene munthu watalikira khoma ndi mita imodzi: akakankhidwa pamenepo amafika ndi nkhope kapena khosi. Ndi chifukwa chake apakati amaphunzitsidwa kutsamira khoma ndithu akamakatenga puck pakona, kuti nkhonya ikabwera galasi ndi thupi zigwedezekere limodzi.

Patrice Bergeron wa Boston anakankhidwa chotere ndi Randy Jones wa Philadelphia pa 27 October 2007. Anathyoka mphuno, ubongo unagwedezeka, ndipo chaka chake chinathera pomwepo. Jones anaimitsidwa masewero 2 okha. Bergeron anachira n'kudzapata kasanu ndi kamodzi mphoto ya Selke, yopita kwa wakutsogolo wotchinga bwino kuposa onse, ndipo palibe wina anafikapo pamenepo. Mu fainolo ya 2013 anasewera nthiti itathyoka, phewa litaguluka, ndipo masewero otsiriza atatha anakagonekedwa m'chipatala phapo litabooka. Nkhaniyi imakambidwa ngati ya kulimba mtima, ndipo ndi yoteroyo, koma sindingafune kuti mwana wophunzira masewerowa aitenge ngati muyeso.

Pakhomo pa golo amaloledwa kukankhana?

Amakankhana ndithu. Wapakati woukira amafuna kuima pamaso pa goloboyi kuti amutchinge maso kapena kupatutsa puck, ndipo wapakati wotchinga amafuna kumuchotsapo, kapena kungomukwezera ndodo m'mwamba kuti isakhudze puck. Choletsedwa ndi kugwira ndodo ndi manja awiri n'kumubaya nayo mopingasa kumsana, zomwe amati cross-check, ndipo mu 2021 ligi inalamula oyimbira kuti asiye kuzilekerera. Goloboyi naye sagundidwa, ngakhale atatuluka m'kadera kake ka buluu. Chigoli chimakanidwa ngati woukira anamulepheretsa kugwira ntchito yake.

Kodi wapakati ayenera kukhala chimphona?

Ayi. Kukula kumathandiza, monga Aleksander Barkov wa Florida Panthers, wamtali masentimita oposa 190, amene ndodo yake imafika paliponse ndipo wapata Selke mu 2021, 2024 ndi 2025. Pali ena amene ntchito yawo ndi kupweteka ndithu: Sam Bennett, mnzake wa Barkov, amagunda ndi kudziunjika pagolo, ndipo mu 2025 anasankhidwa wosewera wopambana wa ndime yochotsana atagoletsa zigoli 15.

Koma akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Pavel Datsyuk wa Detroit Red Wings anali wa masentimita 180 okha. Ankakudzera kumbuyo mwakachetechete, n'kukukwezera ndodo, puck n'kupita nayo iwe ukuganiza kuti ukadali nayo. Wina akabwera kudzamugunda, ankamudikira n'kumulandira ndi phewa lake, wobwerayo n'kukhala pansi. Anatenga Selke katatu motsatizana kuyambira 2008, komanso kanayi mphoto ya Lady Byng ya wosewera waulemu wosalandira zilango kawirikawiri. Crosby nayenso ndi wa msinkhu womwewo, ndipo mphamvu zake zili m'ntchafu ndi m'chiuno. Akalowa kuseri kwa golo n'kuwerama, puck ili kutsogolo kwake, mdani ali kumsana, anthu awiri amalephera kumusuntha. Kwa ine kumeneko ndiko kusewera ndi thupi koyenera kuphunzira, chifukwa kumapatsa timu puck ndipo sikutumiza munthu kubenchi ya chilango.

Nanga ndewu?

Mu NHL omenyana amalandira mphindi 5 aliyense, ndipo woputa amawonjezeredwa zina. M'mipikisano ya IIHF ndi ya Olympics womenya amatulutsidwa masewero onse. Si ntchito ya wapakati, ndipo mphunzitsi wanzeru safuna manja a munthu wake wa faceoff athyokere pa chipewa cha wina.

Malamulowa ndi amodzi kwa ana ndi kwa amayi?

Ayi. Ku America, bungwe la USA Hockey linaletsa kugundana kwa ana a zaka 11 ndi 12 mu 2011, ndipo Hockey Canada inachita chimodzimodzi mu 2013, chifukwa cha kuchuluka kwa ovulala mutu. Mwana amayamba waphunzira kupanikiza mnzake kukhoma ndi kumutsekera njira, kugunda n'kubwera ali ndi zaka 13. Kwa amayi kugundana kunaletsedwa pambuyo pa mpikisano woyamba wa dziko lonse wa 1990, ngakhale kukankhana polimbirana puck kunatsala. Ligi ya amayi ya ku Sweden inayamba kukulola mu 2022, ndipo PWHL, ligi ya ku Canada ndi America yomwe inayamba pa 1 January 2024, imalola kugunda ngati cholinga chili chofuna puck.

Wapakati akalangidwa, timu imataya chiyani?

Imataya zambiri kuposa munthu mmodzi. Chilango chikaperekedwa, masewero amayambiranso pa dontho la pafupi ndi golo ya timu yolakwayo, anthu 4 kulimbana ndi 5. Amene timu ikanamudalira kupambana faceoff imeneyo n'kuponya puck kutali ndi yemwe wakhala kuseri kwa galasi. Wina wosazolowera amawerama pa dontho m'malo mwake, ndipo mwa lamulo la 2015 lija ayenera kutsitsa ndodo poyamba.