Grooming ya ma jet si kubisa deta ayi

Zaka ndi zaka ndakhala ndikumva anthu akuti asayansi ogundanitsa ma proton akamapanga grooming (kuchotsa tinthu topanda mphamvu mu ma jet) amangotaya zomwe sizikugwirizana ndi maganizo awo. Zanditopetsa ndithu, chifukwa si zoona.

Quark kapena gluon (tinthu ting'onoting'ono ta mkati mwa proton) ikatuluka pa kugundana imasanduka mtsinje wa tinthu tambirimbiri, ndiye jet imeneyo. Vuto ndi loti ma proton ena amagundananso nthawi yomweyo, tinthu tawo topanda mphamvu nkulowerera mu jet, kulemera kwake nkuoneka kokwera. Grooming ili ngati kupeta mphale, lamulo limaikidwa ntchito isanayambe. Mwachitsanzo pa soft drop, imodzi mwa njira za grooming, jet imagawidwa nthambi ziwiriziwiri, ndipo nthawi zambiri nthambi yosakwana 0.1 ya momentum (mphamvu ya kuthamanga) ya nthambi ziwirizo imachotsedwa basi. Ndipo lamulo lomwelo amaliika mu masamu a QCD (sayansi ya momwe ma quark ndi ma gluon amachitira), kuwerengeratu zotsatira, kenako nkuyerekeza ndi zomwe makina aona. Jet yochokera ku W boson (kanthu kolemera komwe kamasweka msanga) ikapetedwa kulemera kwake kumabwera pafupi ndi 80 GeV (muyezo wa mphamvu ndi kulemera kwa tinthuti), monga momwe njira zina zimayezera.

Mukawerenga pepala la kafukufuku wotere, onani ngati alemba zcut ndi beta (nambala za lamulo la soft drop; zcut ndi malire ngati 0.1 uja), komanso ngati nambala zomwezo agwiritsa ku masamu ndi ku deta komwe. Musanaone zimenezi chonde musamafalitse nkhani yoti amabisa deta.