Mtima wa I Love Lucy unabwera mochedwa

Amene anaonerapo I Love Lucy amakumbukira mtima wojambulidwa pa nsalu yonyezimira, mayina a Lucille Ball ndi Desi Arnaz akulembeka mkati mwake. Koma anthu a ku America amene ankaonera sewero loseketsali pa kanema wa TV wa CBS Lolemba lililonse madzulo, kuyambira mu 1951 mpaka 1957, sankalandiridwa ndi mtimawo. Poyamba ankaona tizidole ta katuni ta Lucy ndi Desi tikusewera pa paketi yaikulu ya ndudu za Philip Morris, kampani imene inkalipirira pulogalamuyo. Mtima uja anaupanga pamene CBS inayamba kubwereza magawo akale masana mu 1959, ndipo ndi umene unafalikira dziko lonse lapansi.

Gwero la nkhaniyi ndi mmene malonda ankayendera pa TV masiku amenewo. Kampani imodzi kapena ziwiri zinkagula pulogalamu yonse, ndipo dzina la katundu wawo linkalukidwa m'chiyambi chenicheni cha sewerolo. Nyimbo yotsegulira The Beverly Hillbillies inali ndi ndime yowonjezera yotamanda ma cornflakes a Kellogg's kapena ndudu za Winston, malinga ndi amene walipira sabata imeneyo. Bewitched inkatsegula ndi dzina la galimoto za Chevrolet. Sewero likagulitsidwa kuti libwerezedwe, siteshoni iliyonse inkapeza otsatsa malonda akeake, choncho chiyambi chakale chinkadulidwa n'kumatapo china chopanda dzina la kampani. Za fodya zinatheratu mu Januwale 1971, lamulo litaletsa kutsatsa ndudu pa TV ndi pa wailesi ku America.

Kusintha dzina lenilenilo kunali ndi chifukwa china. Sewero lokondedwa linkayamba kubwerezedwa magawo atsopano akadali kutuluka madzulo, ndipo eni ake ankaopa kuti owonera asokonezeka, kapena akhuta nalo masana n'kusiya kuonera latsopano. Ndiye magawo akale ankawapatsa dzina lina. The Andy Griffith Show inkaoneka masana ngati Andy of Mayberry kuyambira mu 1964. The Bob Cummings Show inasanduka Love That Bob, ndipo Private Secretary ya Ann Sothern inakhala Susie. The Phil Silvers Show inasintha kawiri: inayamba mu 1955 ndi dzina loti You'll Never Get Rich, ndipo pobwereza anthu anaidziwa ndi dzina la Sergeant Bilko, lomwe ambiri amaganiza kuti ndilo loyambirira. Ya Danny Thomas inachita chobwerera m'mbuyo: inayamba mu 1953 ngati Make Room for Daddy, inasintha kukhala The Danny Thomas Show, kenako magawo obwereza anatenganso dzina lakale lija. Mwambowu unafika mpaka 1979 pamene Happy Days inagulitsidwa ngati Happy Days Again, koma unali utayamba kale kuzilala, poti M*A*S*H inayamba kubwerezedwa chaka chomwecho osasintha dzina.

Kuti sewero ligulike bwino pafunika magawo ambiri, pafupifupi 100, chifukwa siteshoni imalionetsa masiku asanu pa sabata. Magawo 65 amatha m'masabata 13 okha. Ndipo popeza magawowo sankaonetsedwa motsatira ndondomeko, ogulitsa ankakonda chiyambi chimodzi pa onse. Zimenezi n'zimene zinachitikira The Flintstones. Zaka ziwiri zoyambirira, kuchokera mu 1960, inkatsegula ndi nyimbo yopanda mawu yotchedwa Rise and Shine. Nyimbo ya mawu imene aliyense amaidziwa inabwera m'chaka chachitatu, koma pobwereza anaimata pa magawo onse, moti kwa zaka zambiri chiyambi choyamba chija sichinaonekenso.

Panalinso lumo. Kale gawo la theka la ola linkatenga mphindi pafupifupi 25, pomwe masiku ano malonda amasiya mphindi ngati 22. Mphindi zitatuzo zimachoka kwinakwake, ndipo choyamba kudulidwa ndi nyimbo yotsegulira, mayina a kumapeto, ndi kachigawo kakafupi kotsekera nkhani. Nthawi imene magawo ankatumizidwa ngati filimu ya 16mm kuchoka siteshoni ina kupita ina, aliyense ankadula mmene wafunira, ndipo filimu inkafika kwa wotsatira ili yoperewera. Njira ya makono ndi kuthamangitsa chithunzi pang'ono. Apa m'pamene sewero loseketsa limapwetekeka kwambiri, chifukwa nthabwala imadalira kanthawi kachete kaja osewera asanayankhe, ndipo makina akakafupikitsa, kuseka kumachepa.

Nyimbo zili ndi eni ake osiyana ndi eni filimu, ndipo chilolezo chake chimatha. Married... with Children inkatsegula ndi nyimbo yoimbidwa ndi Frank Sinatra, koma pa ma DVD ena a ku America anaikapo nyimbo ina yopanda mawu atalephera kugwirizana za malipiro. Magawo ena oyambirira a The Beverly Hillbillies ndi ena a The Andy Griffith Show anasanduka a aliyense chifukwa umwini wake sunalembetsedwenso pa nthawi yake, koma nyimbo zake zinakhalabe ndi eni. N'chifukwa chake ma DVD otchipa a masewerowa amatsegula ndi nyimbo zachilendo.

Wofuna kudziwa ngati akuona chiyambi chenicheni ayang'ane zinthu zingapo: chaka cholembedwa pa mayina a kumapeto, ana a m'sewero ngati msinkhu wawo pa chiyambi ukufanana ndi wa m'gawolo, ndiponso ngati mawu adumpha pomwe chiyambi chikulumikizana ndi nkhani. Okonzanso masewerowa akafuna kubwezeretsa chiyambi chotayika amachifufuza pa filimu yoyambirira ya 35mm kapena pa makope a 16mm amene anasungidwa ndi malonda ake omwe. Umu ndi mmene tizidole ta Lucy ndi Desi tinabwereranso pa ma DVD ndi Blu-ray a I Love Lucy.