Mgolo wa oak umapereka mtundu msanga, koma kukhwima kwa mowa kumafuna zaka

Pakati pa Amalawi okhala muno mu Johannesburg, makamaka amene agwirapo ntchito m'mahotela ndi m'malo ogulitsira zakumwa, pabuka chidwi chofuna kudziwa ngati mowa wotcheza pakhomo ungafanane ndi whisky kapena brandy utasungidwa mu mgolo wa matabwa a oak. Timigolo ta malita awiri, atatu kapena asanu tikupezeka mosavuta masiku ano, ndipo ogulitsa amanena kuti pakatha masabata ochepa mowa wopanda mtundu umakhala wofiirira ndi wonunkhira. Pa nkhani ya mtundu akunena zoona. Koma ine amene ntchito yanga ndi yosamalira mowa m'migolo ndimadandaula kuti anthu ambiri akaona kufiirako amaganiza kuti mowa wakhwima, pamene ntchito yeniyeni ya mgolo imakhala isanayambe n'komwe.

Lamulo liyenera kutchulidwa poyamba. Mu South Africa munthu wofuna kutcheza mowa woti amwe yekha ayenera kulembetsa ku SARS, bungwe la boma lotolera misonkho, motsatira lamulo la Customs and Excise Act la 1964, ndipo kugulitsa mowawo, ngakhale botolo limodzi, kumafuna ziphaso zina zapadera. Kwa ife obwera, mlandu wa mowa ukhoza kusokonezanso mapepala okhalira m'dziko muno, choncho zimene ndikufotokoza pano ndi za munthu amene wakonza kale mbali imeneyi.

Mgolo umagwira ntchito ziwiri zosiyana, ina yofulumira, ina yochedwa kwambiri. Yofulumira ndi yopereka zimene zili m'thabwa. Amisiri opanga migolo amawotcha mkati mwake ndi moto, ndipo kutenthako kumaphwanya zinthu zimene zimalimbitsa mtengo. Lignin akaphwanyika amatulutsa vanillin, amene ndi fungo lomwe lija la vanila wa m'makeke. Hemicellulose amasanduka shuga wopserera amene amathandiza kufiiritsa mowa ndi kuupatsa kafungo kotsekemera. Mulinso tannin, amene amamata m'kamwa ndi kuumitsa lilime, komanso lactone amene amanunkhira kokonati. Ngati mkati mwawotchedwa mpaka kuchita makala, makalawo amayamwa ena mwa mafungo oipa a sulfure. Kukatentha mowa umafufuma n'kulowa m'thabwa, kukazizira umabwerera utatenga zinthu zimenezi, ndipo zonsezi zimayamba kuoneka m'masiku ochepa chabe.

Ntchito yachiwiri ndi ya mpweya, ndipo imeneyi siingafulumizitsidwe ndi ndalama kapena luso. Mpweya umalowa pang'onopang'ono kudzera m'thabwa ndi m'malo amene matabwa alumikizana. Ukakumana ndi mowa, kagawo kochepa ka mowawo kamasanduka asidi, kenaka asidiyo amalumikizana ndi mowa wotsala n'kupanga ma ester, amene amabweretsa fungo la zipatso zakupsa. Nthawi yomweyo tannin amafewa, ndipo zinthu zina zaukali zimene zimabaya m'mphuno zimauluka. N'chifukwa chake malamulo a maiko odziwa ntchitoyi amawerenga zaka. Whisky wa ku Scotland ayenera kukhala zaka zosachepera 3 m'migolo ya oak yosapitirira malita 700, ndipo brandy wa mtundu wa potstill (wotchezedwa m'miphika) wa muno mu South Africa amakhalanso zaka zosachepera 3 m'migolo yosapitirira malita 340. Mtundu paokha si umboni wa chilichonse, moti ngakhale ku Scotland lamulo limalola kuthiramo caramel, shuga wopserera wopereka mtundu, kuti mabotolo onse aoneke ofanana.

Apa m'pamene pagona vuto la kamgolo kakang'ono. Mgolo ukachepa, thabwa lokhudzana ndi lita iliyonse ya mowa limachuluka. Tikayerekeza kamgolo ka malita 5 ndi mgolo wa malita 200, umene ndi kukula kwa migolo ya bourbon, whisky wa ku America, lita iliyonse ya m'kamgolo kaja imakhudzana ndi thabwa lochuluka kuposa katatu. Zotsatira zake n'zakuti zinthu za m'thabwa zimadzaza m'mowa mofulumira kwambiri, pamene kusintha kobwera ndi mpweya kukuyendabe pa liwiro lake lomwelo. Zili ngati masamba a tiyi amene aiwalidwa m'ketulo, tiyi amada ndi kuwawa osati chifukwa wakoma koma chifukwa masamba achulukitsa. Mowa umene wakhalitsa m'kamgolo katsopano umada bwino ndithu, koma ukaulawa umamva utuchi ndi kuwawa kouma, ndipo pansi pake ukali wa mowa wosakhwima umakhala udakalipo. Ine ndimaona kuti munthu amene ali ndi malo ndi chipiriro angachite bwino kugula mgolo wa malita 20 kapena kuposerapo kusiyana ndi timigolo tinayi ta malita 5.

Nyengo ya Johannesburg imawonjezera vutoli. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja, mpweya wake ndi wouma makamaka kuyambira May mpaka September, ndipo kutentha kwa masana kumasiyana kwambiri ndi kwa usiku. Ku Scotland, kumene kuli chinyezi ndi kuzizira, mgolo umataya pafupifupi 2 peresenti ya mowa wake pa chaka, ndipo mphamvu ya mowa imatsika pang'onopang'ono. Kumalo ouma madzi ndiwo amathawa msanga, kotero mowa umachepa uku mphamvu yake ikukwera, ndipo kamgolo kakang'ono kamataya gawo lalikulu kwambiri kuposa mgolo waukulu. Munthu akaika kamgolo kake pamwamba pa kabati m'chipinda cha malata cha kuseri kwa nyumba, monga mmene ambiri a ife timakhalira ku Rosettenville kapena ku Diepsloot, akhoza kudzapeza kuti katsala theka lokha. Malo oyenera ndi apansi, amthunzi, kutali ndi dzuwa la pazenera, komanso kutali ndi mbaula, sitovu ya parafini ndi kandulo, pakuti mowa wamphamvu chotere umagwira moto mosavuta.

Kusankha thabwa nakonso kumafuna maso. Oak woyera wa ku America, Quercus alba, amapereka vanila ndi kokonati wambiri, pamene mitundu ya ku Ulaya, Quercus robur ndi Quercus petraea, imapereka tannin wochuluka ndi fungo lofanana ndi zokometsera zakudya. Mitengo ya oak imene imakongoletsa misewu ya Johannesburg si yopangira migolo. Ku Stellenbosch, tauni imene inakhazikitsidwa mu 1679 ndipo imatchuka ndi mitengo imeneyi, anazindikira kalekale kuti oak wokulira kuno amakula msanga ndipo thabwa lake limadontha, n'chifukwa chake opanga vinyo ndi brandy a ku Cape amaitanitsa matabwa kunja. Choopsa kwambiri ndi kuyesa matabwa osadziwika. Mtengo wa tamboti uli ndi poizoni, paini ali ndi utomoni umene umawononga mowa, ndipo matabwa otoledwa ku malo omanga kapena a mapaleti akhoza kukhala kuti anathiridwa mankhwala ophera chiswe. Timigolo tina togulitsidwa ngati zokongoletsa m'nyumba timakhala topakidwa vanishi kapena phula mkati, ndipo mowa wamphamvu umasungunula zimenezi.

Chimene ndikufuna kuti aliyense amve bwino n'chakuti mgolo sutsuka mowa woipa. Amene anakulira kumene amatcheza kachasu amadziwa kuti madontho oyamba otuluka m'paipi amakhala aukali wobaya, ndipo otsirizira amakhala ofooka, onunkha ndi a mafutamafuta. Wotcheza wosamala amataya oyambirirawo, amapatula otsirizira, n'kusunga apakati okha. Mgolo ukhoza kufewetsa pang'ono zotsalira za mbali ziwirizi pakapita zaka, koma sungachotse methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha, ndipo sungachotse mtovu umene umalowa m'mowa ngati chotchezera chinalumikizidwa ndi zitsulo zosayenera kapena munagwiritsidwa ntchito radiyeta ya galimoto. Choipiratu n'chakuti fungo la vanila ndi mtundu wokongola zimabisa zizindikiro zimene zikanachenjeza womwa. Mowa wogula kwa munthu amene simukudziwa katchezedwe kake musauike mu mgolo poganiza kuti ukonzeka.

Amene ali ndi mowa wabwino ndi mgolo weniweni ayambe ndi kudzaza mgolowo ndi madzi oyera kwa masiku angapo. Poyamba madzi amachucha m'mizere ya pakati pa matabwa n'kunyowetsa mikombero yachitsulo, koma matabwa akamamwa madzi amafufuma n'kukanikizana mpaka kudontha kumasiya. Mukatero khuthulani madziwo, ndipo thirani mowa wa mphamvu ya pakati pa 55 ndi 65 peresenti, mutayeza ndi chipangizo choyezera mowa osati ndi lilime. Opanga bourbon saloledwa kupitirira 62.5 peresenti pothira mu mgolo, ndipo pali nzeru pamenepo, chifukwa zina mwa zinthu zokoma za m'thabwa zimasungunuka bwino m'madzi kuposa mu mowa weniweniwo. Sungani pambali kabotolo ka mowa womwewo umene sunalowe mu mgolo kuti muziyerekeza. Ngati kamgolo ndi katsopano komanso kakang'ono, lawani pang'ono sabata iliyonse mutasakaniza ndi madzi, ndipo mukangomva kuti lilime layamba kuuma ndi kuwawa kwa thabwa, tsanulirani mowawo m'mabotolo agalasi tsiku lomwelo, pakuti kuwawa kukalowa sikuchoka. M'galasi lotsekedwa mowa sutenganso kanthu kuchokera ku thabwa. Potsitsa mphamvu kufika pa 40 kapena 43 peresenti, monga zilili pa mabotolo a m'masitolo, thirani madzi pang'onopang'ono kwa masiku angapo, chifukwa kuthira nthawi imodzi kukhoza kuchititsa mowa kuoneka wa mbuu.

Mgolo umene mwakhuthula musausiye wopanda kanthu, chifukwa mpweya wouma wa kuno umaumitsa matabwa mpaka mikombero kukhwepa. Udzazeninso nthawi yomweyo. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu thabwa limakhala litataya ukali wake woyamba, choncho mowa ukhoza kukhalamo nthawi yaitali osawawa, ndipo mpweya umapeza mpata wogwira ntchito yake. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene opanga whisky ambiri a ku Scotland amagulira migolo imene inasungirapo kale bourbon ku America m'malo mogula yatsopano.